Ntchito Yathu Yonola ku Kapata, ndi Nkhani ya Mipeni Yochindikala

Ntchito yathu ndi yonola. Tili ndi kashedi ka malata kufupi ndi msika wa Kapata muno mu Chipata, ndipo chitsulo chilichonse chobuntha timachilandira: mipeni ya kukhitchini ndi ya m'mabutchala, zikwanje, nkhwangwa, zikwakwa, makasu, masizasi a matelala. Luso ndinalitenga kwa malume anga, amene anali wosula kumudzi kwathu ku Katete. Iwo ankakhala pa mvukuto, ine ankandipatsa tupa ndi nolo kuti ndimalizitse zimene asula. Nditabwera m'tauni, Chipata asanatchedwe mzinda mu 2017, ndinayamba ndi benchi, tupa, nolo ndi chitini cha madzi. Lero tilipo atatu. Mayi a kunyumba amasunga buku ndi ndalama, mphwanga amapalasa gudumu, ine ndimagwira chitsulo.

Gudumu lathulo ndi la njinga. Chipata ndi tauni ya njinga, ndiye mafelemu akale ndi matcheni sasowa. Tinamangirira felemu pa thabwa, tcheni n'kumazunguza mwala wonolera, pamwamba n'kupachika botolo loboola loti lizidonthezera madzi. Anzathu ankatifunsa kuti tidzagula liti galayinda ya magetsi. Tinaigula, koma timadulira zitsulo ndi kukonzera makasu, mpeni sitiyandikitsako. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri, gudumu lathu silinaime. Ambiri amene amabwera lero anatidziwa chaka chimenecho.

Chimene chatipatsa dzina kwenikweni ndi mipeni yochindikala, yopangidwa ngati ija asilikali amalumikiza kutsogolo kwa mfuti. Imabwera ya mitundu itatu. Yambiri ndi yogula m'masitolo ndi m'misika, yonyezimira, yokhala ndi chimake. Ina ndi yosulidwa kumidzi kuchokera ku masipuling'i a galimoto, ndipo imeneyi ndimaikonda chifukwa chitsulo chake n'chabwino, ngakhale maonekedwe ake sakopa. Yochepa kwambiri ndi ya asilikali yeniyeni, yakalekale. Eni ake onse amafika ndi dandaulo limodzi: "Ndanola mpaka dzanja latopa, koma sukudula." Amaganiza kuti anagula chitsulo chabodza. Nthawi zambiri chitsulo chilibe mlandu.

Mpeni wa kumfuti anaupangira kubaya, osati kusenda kapena kucheka. Ankafuna kuti usathyoke ukapindidwa, n'chifukwa chake msana wake umafika mamilimita 5 kapena 6, pamene wa kukhitchini umakhala pafupifupi 2. Chitsulo chake sachiumitsa kwambiri, kuti chikakumana ndi cholimba chipindike m'malo moduka. Ngalande imene imayenda m'litali mwake ndi yochepetsa kulemera popanda kuufooketsa. Kodulira kwake kumatsika mwadzidzidzi kuchokera pa chitsulo chonenepa. Ndiye munthu akhoza kunola kamzere ka kumapetoko mpaka kumameta tsitsi la pamkono, koma akaika pa mbatata, mpeni umalowa pang'ono n'kukakamira, mbatata n'kung'ambika ngati chikuni pa nkhwangwa. Chimene chikuletsa si kamzere kakuthwako ayi, ndi mapewa onenepa amene ali kumbuyo kwake. Ntchito yeniyeni ili pamenepo, ndipo ndi ntchito yochedwa.

Kuchedwako n'kumene kumapusitsa anthu kupita pa galayinda. Moto umathetheka, mwini mpeni amasangalala kuti ntchito ikuyenda, pakangopita mphindi zochepa wapatsidwa mpeni wake. Koma yang'anani mtundu wa kodulira. Chitsulo chikatentha chimayamba kuoneka chachikasu ngati udzu wouma, kenako chofiirira, kenako chabuluu. Chikafika pa buluu ndiye kuti kutentha kwayandikira madigiri 300, ndipo kulimba kumene wosula anaikamo kwachepa. Mpeni wotero umadula bwino lero, mawa wapindika kodulira. Kunsonga n'kumene kumapsa msanga chifukwa chitsulo n'chochepa. Zimandipweteka ndikalandira mpeni wabwino wa sipuling'i utapserezedwa chotero, chifukwa kuti ndiuchiritse ndiyenera kudya chitsulo chonse chofewacho mpaka ndifike polimba, ndipo mpeni umatuluka utachepa.

Mpeni wotere ukafika, choyamba timafunsa ntchito yake. Wa m'tchire, wodulira nthambi ndi kuswa mafupa a mbuzi, sitiupyapyalitsa kwambiri. Wosendera chikopa ndi kucheka nyama timaupyapyalitsa ndithu. Kenako ndimapititsa tupa kamodzi pafupi ndi chogwirira. Tupa ikaluma n'kutulutsa utuchi wa chitsulo, ndiye kuti ntchito yaikulu ichitika ndi tupa. Ikangoterereka n'kumalira, chitsulo n'cholimba, tipita pa mwala wokhakhala ndi madzi.

Timaumanga mpeniwo pa thabwa kuti usagwedezeke, nsonga ili pa thabwalo, osati italendewera kunja kumene munthu angagundeko. Timapaka inki ya maka mbali yonse yodulira. Inkiyo ndi mboni yathu: pamene yafufutika ndi pamene chitsulo chikudyeka, pamene yatsala ndi pamene sitinafike. Tikatero timayamba kugwetsa mapewa aja, tupa itagona kwambiri, kukankha kupita kutsogolo kokha, osakhudza kodulira kwenikweni. Timawerenga makankhidwe kuti mbali zonse zifanane, apo ayi mzere wodulira umakhotera kumodzi ndipo mpeni umathawa m'mbali pocheka. Pali ina imene kufakitale anainola mbali imodzi yokha, inayo ili yosalala. Imeneyo timaitsatira momwe anaipangira. Malo amene poyamba anali kamzere kakang'ono amakula kufika mamilimita 7 kapena kupitirira. Eni ake ena amadabwa kuona mpeni wawo wasintha nkhope, ndiye timawauziratu tisanayambe.

Mapewa akagwa m'pamene timanola tsopano. Kupendeka kumene timagwiritsa ntchito ndi madigiri 20 mpaka 25 mbali iliyonse. Mphwanga ndinamuphunzitsa chonchi: imika mpeni chilili pa mwala, ugonetse theka, ugonetsenso theka la pamenepo, wafika pafupifupi pa madigiri 22. Pa mpeni wa masentimita 3 m'lifupi, msana umakwera pafupifupi sentimita imodzi kuchoka pa mwala. Koma pa mpeni wochindikala uyenera kuyeza kuchokera pakati pa msana, osati m'mphepete mwake mwa pansi. Ukayeza kuchokera pansi, mpeni umaima kwambiri ndipo umatuluka wobuntha kuposa mmene umafunira. Ambiri amaphonya pamenepa.

Timanola mbali imodzi mpaka kuseri kutatuluka kawaya kopyapyala, kamene chala chimakamva ukachikokera kuchokera kumsana kupita kodulira. Kawaya kameneka kayenera kumveka kuyambira kuchogwirira mpaka kunsonga. Pakatsala ngakhale malo a chala chimodzi opanda kawaya, pamenepo mbali ziwirizo sizinakumane, ndipo kupita pa mwala wosalala n'kungotaya nthawi. Tikatembenuza n'kuchita chimodzimodzi, timachoka pa mwala wokhakhala kupita pa wosalala wa nambala 1000, dzanja likupepuka. Pomaliza timakokera pa lamba wachikopa, msana uli patsogolo, kuti kawaya kachoke. Timayesa pa pepala la nyuzipepala ndi pa chingwe cha sisalo, chifukwa pepala lokha limanamiza. Tikapaka timafuta toletsa dzimbiri, ntchito yatha.

Mpeni umodzi wotere umadya nthawi imene tikananolera mipeni yambiri ya kukhitchini, choncho mtengo wake ndi wokwera. Pa zimenezi timakambirana ndi anthu tsiku ndi tsiku. Bambo wina wowotcha michopo anandiuza kuti, "Achimwene, ndalama imeneyi si ndingogula mpeni wina?" Ndinawayankha kuti, "Atate, ngati n'kuchekera nyama ya pa mbaula, gulanidi wopyapyala, udzakutumikirani bwino kuposa uwu. Uwu usiyeni ukhale wa mafupa." Ntchito inandidutsa tsiku limenelo, koma bambo amenewo ndi amene amatibweretsera mipeni ya anzawo onse a pamalo pawo. Chitsulo chofewa cha mipeni yambiri ya mtunduwu sichisunga kuthwa nthawi yaitali, kaya wanola ndani, ndipo munthu ayenera kumva zimenezi asanalipire.

Pali ntchito ziwiri zimene timakana. Mnyamata akabwera kuti timunolere konsekonse, kumsana komwe, ndipo akulephera kunena kuti akadulira chiyani, timamubwezera mpeni wake. Kusenda mbuzi sikufuna msana wakuthwa. Msana ndi pamene chala chimatsamira. Sindifuna kudzamva kuti chitsulo chimene chinadutsa m'manja mwanga chavulaza mwana wa munthu kumalo omwera mowa.

Inayo ndi ya mipeni ya makolo. Amuna ambiri a kuno kum'mawa analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo a Northern Rhodesia Regiment anakafika mpaka ku Burma mu 1944. Agogo ena anatibweretsera mpeni wautali umene bambo awo anasiya, wa mtundu wa 1907 umene unkalumikizidwa ku mfuti ya Lee-Enfield, chitsulo chake chotalika masentimita 43. Ankafuna uzidulira nyama pa zikondwerero za pabanja. Ndinawapempha kuti, "Agogo, uwu tisaudye. Chitsulo chikachoka sichibwerera, ndipo adzukulu anu adzafuna kuuona momwe atate anu anaugwirira." Tinangochotsa dzimbiri ndi mafuta ndi kansalu, manambala ake n'kuonekanso, ndipo anagula mpeni wa sipuling'i wa ntchitoyo.

Chaka chathu chimayenda ndi nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala ndi makasu ndi nkhwangwa, pokolola ndi zikwakwa ndi zikwanje. Mipeni ya nyama imachuluka pa Khirisimasi, pa Eid pamene abale athu achisilamu amafuna mpeni wakuthwa kwambiri wozingira mbuzi, kumapeto kwa Febuluwale pamene ogulitsa nyama akukonzekera mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndi mu Ogasiti pa mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika. Masiku amenewo benchi imadzaza, ndipo mpeni wochindikala sitiugwira mwini ataimirira kudikira. Muubweretse kudakali sabata, uli m'chimake kapena wokulungidwa m'katoni, osati m'thumba la buluku. Mayi adzalemba dzina lanu m'buku ndi ntchito imene mukufuna uzigwira, ndipo adzakuuzani tsiku lodzautenga.