Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Eriyo ya agogo

M'gawo lapitali ndinalekeza pomwe amalume anandilandira pa kashopu kawo kokonzera mawailesi ku Dedza boma. Munali mu June 2019, nyengo imene nkhungu imatsika m'phiri n'kukuta tauni yonse, zala n'kumachita dzanzi moti kugwira waya kumavuta mpaka dzuwa litakwera.

Chaka chimenecho maso a agogo aakazi anachita ng'ala. Kumunda analeka, ulendo wa kutchalitchi unakhala wochita kuwagwira dzanja. Chinawatsalira ndi wailesi ya m'galimoto yomwe amalume anailumikiza ku batire la sola. Koma mudzi wathu, cha ku Bembeke, uli m'kachigwa kuseri kwa chitunda, ndipo wailesiyo inkangolira phokoso ngati mvula pa malata. Mauthenga a maliro ankawamva modukizaduka: dzina la mudzi amva, la womwalirayo laphonya.

"Mdzukulu wanga, si iwe ukuphunzira za mawailesi? Tandikonzera ndizimva anthu akuyankhula," anatero tsiku lina. Mawu amenewa anandisowetsa tulo.

Amalume ankapanga eriyo mongoyerekeza. Kudula waya, kukweza pa nsungwi, kumvetsera, kutsitsa, kudulanso. Ine ndinali ndi laputopu yakale yogula kwa mnzanga, ndipo pofufuza pa intaneti ndinapeza kuti eriyo ungathe kuiyesa m'kompyuta usanadule chitsulo ngakhale chimodzi. Mapulogalamu otchuka analipo angapo. EZNEC ya Roy Lewallen nthawi imeneyo inali yogula (inadzakhala yaulere mu 2022, mwini wake atapuma ntchito), ndiye ndinatenga 4nec2, yolembedwa ndi Arie Voors wa ku Netherlands, yomwe salipiritsa. Ndi yaing'ono, komabe netiweki inaduka kawiri ndisanamalize kuikopera. Kuiika pa Windows sikunavute. Vuto linayamba nditaitsegula.

Munthu amayembekeza zithunzi, koma chomwe ndinapeza ndi mizere ya zilembo ndi manambala. Patapita masiku ndinamvetsa chifukwa chake. Mkati mwa 4nec2 muli injini yakale yotchedwa NEC-2, yomwe Gerald Burke ndi Andrew Poggio anailemba ku labotale ya Lawrence Livermore ku America, n'kutuluka mu 1981, nthawi imene makompyuta ankawerenga makadi oboolaboola. N'chifukwa chake mzere uliwonse umatchedwabe khadi. GW ndi waya: poyambira pake, pothera pake ndi kunenepa kwake. EX ndi pomwe chingwe chalumikizidwa. FR ndi frequency, nambala ija imene umatchera pa wailesi kuti upeze siteshoni. GN ndi nthaka. Pulogalamuyi imaduladula waya aliyense m'tizigawo, n'kuwerengera mphamvu yoyenda m'kachigawo kalikonse ndi mmene kakukhudzira tinzake tonse. Kachigawo kamodzi kasapose gawo limodzi mwa magawo khumi a kutalika kwa funde la wailesi.

Masamu oyambira ndi osavuta. Mawailesi a FM amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ine ndinasankha 98. Ukagawa 300 ndi 98 umapeza mamita atatu ndi pang'ono, ndiko kutalika kwa funde limodzi. Eriyo wamba ya nthambi ziwiri imakhala theka lake, kuchotserako pang'ono, ngati mita 1.45. Poyamba ndinalemba 145 ndili ndi masentimita m'mutu, pulogalamu n'kuwerenga mamita, ndipo machenjezo anadzaza sikirini. Kenako pa kunenepa kwa paipi ndinalemba muyeso wonse, pomwe khadi la GW limafuna theka lake, kuchokera pakati kufika m'mphepete. Ndalemba izi kuti wina amene akuyamba kumene asatayepo sabata ngati ine.

Usiku umene ndinadina F7, batani louza pulogalamu kuti iwerengere, zinthu zonse zili m'malo sindidzauiwala. Panatuluka chithunzi ngati nambala 8 yogona, kusonyeza mbali ziwiri zomwe eriyo imamvera ndi mbali ziwiri zomwe ndi yogontha. Chibadwire ndinkadziwa kuti mawu amayenda mumlengalenga, koma tsiku limenelo ndinaona maonekedwe a kumva kwa chitsulo. M'kompyutamo ndinaika paipi yotalikirapo kumbuyo, ina yofupikirapo kutsogolo, monga anatulukira Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi ku Japan mu 1926. Mbali imodzi ya 8 uja inafota, inayo inatupa n'kuloza kutsogolo ngati chikho cha mphonda. Ndinakawadzutsa amalume.

"Amalume, taonani. Apa ikukoka kwambiri kutsogoloku, kumbuyoku yatseka."

Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenako anafunsa funso la munthu wodziwa ntchito: "Nanga chingwe chigwirizana nayo?"

Sichinkagwirizana. Eriyo ya nthambi ziwiri payokha imakhala pa ma ohm 73 (muyeso woonera ngati eriyo ndi chingwe zikugwirizana), pafupi kwambiri ndi chingwe cha TV cha 75. Koma mapaipi owonjezera aja anatsitsa nambalayo kufika pansi pa 30. Ndinagwiritsa ntchito optimizer ya pa F12, yomwe imasunthasuntha yokha mipata ndi kutalika kwa mapaipi mpaka SWR, nambala yosonyeza kusagwirizana kwa eriyo ndi chingwe, itatsika. Mphamvu yokoka inachepako pang'ono, koma ndinavomera.

Tinadula mapaipi a aluminiyamu a eriyo yakale ya TV, tinawamanga pa thabwa louma la paini, ndipo Loweruka ndinakwera minibasi nditainyamula ngati mtanda. Kumudzi ndinaikhomera pa nsonga ya denga, mwina theka la mita pamwamba pa malata. Phokoso linachepa pang'ono chabe. Agogo anati, "Wayesetsa mwanawe," ndipo mawu achifundowo anandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Laputopu ndinali nayo, batire litatsala pang'ono. Ndinakhala pakhonde n'kuzindikira kuti eriyo yanga ya m'kompyuta inali yolendewera m'malere, popanda chilichonse pansi pake. Za malata sindinaiuze. Ndinaika khadi la GN ngati pansi pali chitsulo chokhachokha, eriyo n'kuiika theka la mita pamwamba pake. Chikho chija chinadzuka n'kuloza m'mwamba. Eriyo yanga inkamvetsera mitambo! Nditaikweza mamita atatu m'kompyutamo, chinatsika n'kuyang'ana chakutsogolo.

M'mawa amalume anafika. Tinadula nsungwi yaitali kudimba, tinaizika pambali pa nyumba, eriyo pamwamba. Ine ndinailozetsa komwe kuli Phiri la Dedza, kumene kuli nsanja zoulutsira mawu, poti mapu ndi masamu zinkatero. Mawu anayamba kumveka, koma kaphokoso kanalipobe.

"Tazungulitsa pang'onopang'ono, mphwanga. Ine ndizimvera m'nyumbamu," anatero amalume.

Ndinapotoza nsungwi ija, kudutsa phiri, kudutsa munda wa mbatatesi, mpaka eriyo inaloza ku thanthwe lalikulu la kutsidya kwa dambo, kumbali kwenikweni. Amalume anafuula kuti ndiime pomwepo. Mafunde ankagunda thanthwelo n'kubwerera m'chigwa mwathu, ndipo amenewo ndiwo anali amphamvu kuposa odzera pamwamba pa chitunda. M'fayilo yanga munalibe thanthwe, munalibe dambo, munalibe chitunda.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza agogo atasendera pafupi ndi wailesi, dzanja lili pa sipika, akutsatira nyimbo ya kwaya ndi milomo. Anandiuza kuti ndikhale chete, nkhani za 1 koloko zatsala pang'ono.