Galimoto yozima ikatentha: musalole achotse batire asanawerenge nambala ya vuto

Corolla yanga tsopano ikuchoka ku Bangwe, kukafika m'tauni n'kubwerera osazima panjira. Ndati ndilembe izi mkwiyo usanathe, chifukwa ndalama zomwe zapita pa sensa ya crank, kachipangizo ka mu injini kotalika ngati chala chamanthu, zikundiwawabe mumtima.

Galimotoyo ndi ya 2003, injini ya 1NZ, automatic, imodzi mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan zitagwira kale ntchito. M'mawa inkalira kamodzi n'kamodzi. Vuto linkayamba injini ikatentha, makamaka pa mndandanda wa madzulo uja mumsewu wa Masauko Chipembere, pakati pa Ginnery Corner ndi Chichiri pomwe mumangokwawa. Inkangozima zii, osatsokomola, osanjenjemera. Ukapotoza kiyi, sitata ikuzungulira ndi mphamvu koma injini osagwira. Ukakhala pambali mpaka izizire, n'kulira ngati sipanachitike kanthu. Automatic sailiza pokankha, ndiye anyamata a pamsewu amangokuchotsa pakati pa njira, iwonso n'kufuna kangachepe, uku a minibasi akukuimbira hutala ndi kukutukwanira makolo.

Musanaimbire makaniko, mvetserani kaye. Ngati mupotoza kiyi n'kumva ka-ka-ka, magetsi a pa dashibodi n'kuzilala, nkhani ili pa batire, ma terminal kapena sitata. Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi. Batire labwino limaonetsa mavolti 12.6 galimoto ili chozima, ndipo injini ikamalira muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5, apo ayi alternator sikutchaja. Ufa woyera uja wa pa ma terminal umachoka ndi madzi otentha ndi soda. Zanga zonsezi zinali bwino. Koma ngati sitata ikuzungulira bwinobwino injini osagwira, ndiye kuti chikusowa ndi mafuta kapena moto wa ku mapulagi, ndipo apa ndi pomwe amakaniko amayambira kulosera.

Woyamba sanatsegule n'komwe boneti. "Bwana, imeneyi ndi fuel pump." Sindimuda kwambiri, popeza nthawi ya kusowa kwa mafuta ija tonse tinkayenda thanki ili pansi n'kumathira a m'zigubu, ndipo pampu imafuna kukhala yomira m'mafuta kuti isatenthe. Anachotsa mpando wa kumbuyo, n'kutulutsa pampu m'thanki, sefa yake inalidi yakuda bii. Ndinagula ina. Sipanapite nthawi, ndinazimanso pa Maselema. Kenako anati mapulagi, kenako koyilo yopereka moto ku pulagi. Pa koyilo ndinakana. Injini iyi ili ndi makoyilo anayi, pulagi iliyonse yakeyake, ndipo imodzi ikafa galimoto imanjenjemera n'kuchepa mphamvu, siizima yonse nthawi imodzi.

Tsopano chomwe chinandipsetsa mtima. Madzulo ena itazima, kanyali ka check engine kanatsala koyaka ngakhale injini italiranso. Ndinasangalala, chifukwa kanyali kameneko kakayaka ndiye kuti kompyuta ya galimoto yasunga nambala ya vuto. M'mawa mwake ndinapempha kuntchito n'kupita nayo ku garaja ina yomwe ili ndi chikwangwani chachikulu cholengeza kuti amayeza ndi kompyuta. Anati mwini makina watuluka pang'ono, ndisiye kiyi. Ndinakhala pa benchi ya sitolo ya tsidya lina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atafika mkuluyo analumikiza makina ake pansi pa chiwongolero, n'kudinadina, n'kundionetsa.

"Akulu, onani nokha. Palibe vuto. Kompyuta sinama."

Nditalowa m'galimoto ndinapeza kanyali kazima, wotchi ya pa dashibodi yasokonekera, masiteshoni onse omwe ndinasunga pa wailesi afufutika. Ndinafunsa kuti wakhudza batire ndani. Kamnyamata kena kanayankha mosaopa kuti analibwereka pang'ono kukalizira pickup yomwe inali kuseri. Analibwereka! Pa galimoto zakale ngati yangayi, mukachotsa batire nambala ya vuto ija imafufutika. Umboni womwe ndinaudikira nthawi yonseyi unapita kuti pickup ya munthu wina ilire. Ndiye injini inali yozizira tsiku lonse, makinawo akanapeza chiyani? Komabe anandilipiritsa K30,000 ya kuyeza. Nditakana, anati makina agwira ntchito, ndipo kiyi anali m'thumba mwake. Ndinalipira. Tsiku la ntchito linapita, ndalama zinapita, ndipo pobwerera galimoto inkachita kugwedezeka pa maloboti chifukwa kompyuta yake inali itaiwalanso kayendedwe ka idling, kulira kwa injini galimoto ikaima.

Choncho kanyali kakayaka, musasiye kiyi kwa munthu. Imani pomwepo mpaka awerenge, ndipo jambulani nambalayo pa foni asanadine chilichonse. Batire asalikhudze.

Ndaiwala kunena za idling. Pali kuzima kwina kosiyana ndi kwanga, komwe galimoto imazima mukaima pa maloboti, mukaika giya pa D kapena mukayatsa AC, koma n'kulira nthawi yomweyo mukapotoza kiyi. Kumeneko kawirikawiri ndi litsiro mu throttle body (polowera mpweya mu injini) ndi mu valavu ya idling, kapena kapaipi ka mpweya kong'ambika. Ndi fumbi la m'misewu yathu ya m'makwalala nyengo ya chilimwe, zimenezi sizichedwa. Amatsuka ndi mankhwala opopera aja. Koma sensa ya mpweya yomwe ili pafupi ndi air cleaner asaipukute ndi nsanza kapena kuigwira ndi zala, timawaya take n'tosachedwa kuduka. Yanga anaitsuka throttle yonse, idling inakhala bwino, kuzima kunapitirira. Onaninso ngati munaikitsa alamu kapena chozimitsira injini cha akuba, chifukwa mawaya ongopota n'kumata tepi amachita zomwezi.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wa zamagetsi a galimoto ku Ndirande, yemwe mnzanga wa kuntchito anandilozera. Malo ake ndi kashedi ka malata, koma mafunso ake anali ena. Imazima itayenda mtunda wotani? Imatsokomola isanazime? Imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ilirenso? Nditayankha anati, "Mwanawe, wodwala timamuona akudwala. Ilizeni, titseke boneti, tikhale pansi."

Tinakhaladi pansi, galimoto ikulira payokha padzuwa, iwo akusenda chinangwa. Itazima anadzuka msangamsanga. Anandiuza ndipotoze kiyi uku ndikuyang'ana muvi wa rev, woonetsa kuzungulira kwa injini. Sunasunthe ngakhale pang'ono. Anazula koyilo imodzi, n'kuikamo pulagi, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini: moto panalibe. Analumikiza kamakina kawo kakang'ono kong'aluka galasi, ndipo nambala inatuluka: P0335, sensa ya crank. Sanakhutire ndi zimenezo. Analowa pansi, kumbali ya pulley, n'kuchotsa waya wa sensayo n'kuyeza ndi mita ikadali yotentha. Mita inaonetsa kuti mkati mwaduka. Anaithira madzi ozizira, n'kuyezanso, mkati mwalumikizana. Kiyi kamodzi, injini n'kulira.

Anandifotokozera kuti mkati mwa sensayo muli kawaya kopyapyala kokulungidwa pa maginito, komwe kamawerenga mano a gudumu la crank. Kakakalamba, kutentha kumakatanula n'kusiyana pomwe kanathetheka, kakazizira n'kugundananso. Kompyuta ikapanda kulandira uthenga woti injini ikuzungulira, imadula moto wa ku mapulagi, imatseka ma injector opopera mafuta mu injini, ndipo pampu nayonso imaima. N'chifukwa chake munthu wongomvetsera ku thanki amati pampu yafa.

Kugula sensa nakonso n'nkhani. Tengani yakaleyo m'manja, musadalire kufotokoza pakamwa. Mumsika wa Ndirande ndi m'masitolo a ku Limbe mupeza zatsopano zotsika mtengo za m'katoni yokongola, komanso zochotsa pa injini zobwera kuchokera ku Japan. Bambo aja anandilangiza yochotsa koma ya Toyota yeniyeni, ndipo anatumiza mnyamata wawo ndi mita kuti akaiyeze tisanapereke ndalama. Gwirizanani ndi wogulitsa kuti ikakana mubweza, ndipo akulembereni pa kapepala. Pomanga anatsukanso polumikizira waya, pomwe panali patadzaza oyilo wodontha kuchokera pamwamba. Bawuti ndi imodzi yokha. Ntchito yonse sinafike ola, ndipo anandilipiritsa zochepa kuposa za kuyeza kopanda pake kuja.

Ndibwereze: ngati yanu imazima ikatentha, pitani nayo kwa munthu amene avomere kudikira kuti izime pamaso pake, ndipo batire likhale pomwepo mpaka nambala yawerengedwa.

Pampu yakale ija inali ikadali m'buti, m'jumbo. Bambo aja anaigunditsa pa batire, n'kuyamba kulira bwinobwino, yamoyo. Ndinabwerera ku garaja ija ndi chithunzi cha P0335 pa foni kukafunsa K30,000 yanga. Mkulu uja anayang'ana, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti vuto limeneli liyenera kuti linayamba nditachoka pamalo pawo.