Khirisimasi tikadyera kwa agogo

Chaka chino ana ndikupita nawo kumudzi ku Ntcheu, asathere Khirisimasi pa TV. Tinyamuka pa 23 Disembala m'mamawa, chifukwa pa 24 padepoti ya Lilongwe sipapondeka, ndipo mtengo wa minibasi umakwera. Amayi anzanga, m'chikwama musaiwale madzi, chitenje chapadera ndi jumbo ya mwana amene amasanza m'galimoto.

Dzulo anakhalira kudula mapepala achikuda n'kumamata ndi phala la ufa wa chinangwa, kupanga maunyolo oti akakoleke m'nyumba mwa agogo awo. Ndikufunitsitsa akaone okha nkhuku ikusosoledwa, mpunga ukupsa pamoto wa nkhuni, komanso sewero la kubadwa kwa Yesu kutchalitchi, anyamata atafunda mabulangete kusewera abusa a nkhosa.