Kuyatsa fulashi yomwe ili patali ndi kamera pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi

Fulashi ikakhala pamwamba pa kamera imaponya kuwala kuchokera komwe kuli diso la kamerayo, ndipo zotsatira zake ojambula tonse timazidziwa: nkhope yotuwa mbuu, yopanda mithunzi yoonetsa kaumbidwe ka mphuno ndi masaya, pamodzi ndi mthunzi wakuda bii pakhoma kumbuyo kwa munthu. Mukaichotsa pamenepo n'kuiimika chapambali, mokwera pang'ono, chithunzi chimasinthiratu. Koma ikangochoka pa kamera pamabuka funso lakuti idziwa bwanji nthawi yowalira, popeza kawirikawiri shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, imatseguka n'kutsekanso m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi.

Kale yankho linali chingwe, ndipo chingwe sichinama, kungoti chimakola anthu m'miyendo n'kugwetsa zida. Kenako kunabwera kadiso kamene kamayatsa fulashi yachiwiri kakangoona kuwala kwa yoyamba, yomwe ili pa kamera. Kadisoka kamagwira bwino m'chipinda cha makoma oyera, koma padzuwa lamasana kamalephera kusiyanitsa kuwala kwa fulashi ndi kwa dzuwa, ndipo paukwati pamene alendo ambiri akujambula, fulashi yanu imangowalira zithunzi za eni ake mpaka mabatire kutha. Makamera amakono anawonjezera vuto lina, chifukwa poyeza kuwala mwa njira ya TTL, pamene kamera imadzisankhira yokha mphamvu ya fulashi, amayamba aphethiritsa kafulashi kakang'ono chithunzi chisanajambulidwe, ndiye kadiso kaja kamayatsa fulashi msanga. Ndicho chifukwa chake mafulashi ambiri ali ndi posankha S1 kapena S2, pamene S2 amanyalanyaza kuphethira koyambako. Nikon inatukula kwambiri njira yoyatsa fulashi ndi kuwalayi mu 2003 ndi fulashi ya SB-800, koma uthenga unkayendabe pa kuwala, motero fulashi ikabisika kuseri kwa chipupa zonse zinkathera pomwepo.

Mafunde a wailesi alibe nazo kanthu za dzuwa, ndiponso safuna kuti zida zizionana. Chotumiza uthenga chimakhala pa hot shoe, pomwe pamalowa fulashi pamwamba pa kamera, ndipo shutter ikatseguka kamera imalumikiza kachitsulo kapakati ka hot shoe, chotumizacho n'kufalitsa uthenga womwe cholandira, cholumikizidwa ku fulashi, chimaumva n'kuyatsa fulashi. Kwa zaka zambiri akatswiri ankadalira PocketWizard, yopangidwa ndi kampani ya LPA Design ya ku Vermont m'dziko la America. Zida zake zimagwiritsa ntchito mafunde apakati pa 340 ndi 354 MHz ku America, pamene zogulitsidwa ku Ulaya zili pa 433 MHz, kotero ziwiri zogulidwa m'madera osiyanawa sizimvana ngakhale zitafanana dzina ndi maonekedwe. Masiku ano pafupifupi aliyense anasamukira pa 2.4 GHz, mafunde omwewo a Wi-Fi ndi Bluetooth, amene amaloledwa popanda chiphaso m'mayiko ambiri. Canon inaika wailesi m'kati mwa fulashi yeniyeniyo mu 2012 ndi Speedlite 600EX-RT, Nikon inatsatira mu 2016 ndi SB-5000, ndipo makampani monga Godox, Yongnuo ndi Profoto ali ndi njira zawozawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa kugwiritsa ntchito mafunde amodzi sikutanthauza kumvana. Chotumiza cha Godox sichingalamule fulashi ya Canon pa wailesi yake yam'kati, ngakhale zonse zili pa 2.4 GHz. Wogula chotumiza choyamba, adziwe kapena asadziwe, wasankhiratu mtundu wa mafulashi amene adzagule m'tsogolo, ndipo ine ndimaona kuti chisankho chimenechi n'chachikulu kuposa mtunda wa mamita 100 umene umalembedwa pabokosi n'kukopa anthu. Ndi ojambula angati amene amaimika fulashi pamtunda wotere? Kuwala kumachepa msanga: mukatalikitsa fulashi kawiri, munthu amalandira gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kuja, ndiye fulashi yambiri imagwira ntchito pamamita ochepa chabe. Chofunika n'chakuti iziwala nthawi iliyonse mukadina batani.

Mtunda wolembedwawo umayezedwanso pabwalo popanda chotchinga. Zitsulo, makoma a konkire ngakhalenso matupi a anthu, omwe ali ndi madzi ambiri, zimafooketsa mafunde a 2.4 GHz, choncho cholandira chimamva bwino chikakhala m'mwamba kusiyana ndi chikagona pansi. Chodabwitsa n'chakuti kuyandikana kwambiri nakonso kumasokoneza, moti zotumiza zina za Godox zili ndi posankha mtunda wa mamita 0 mpaka 30 pofuna kuthandiza pamene fulashi ili pafupi kwambiri ndi kamera. Pamalo pamene pali ojambula angapo, kusintha tchanelo kumathetsa kulandana mafulashi. Zida za Godox zili ndi matchanelo 32 komanso nambala ya ID yoyambira 01 mpaka 99, ndipo nambalayi ndi imene anthu ambiri amaiwala kuifananitsa fulashi ikakana kuwala.

Chimene wailesi singathe kusintha ndi malire a shutter. Shutter ya makamera ambiri ili ndi makatani awiri amene amayenda motsatana, ndipo sensa yonse, pomwe kuwala kumagwera n'kupanga chithunzi, imakhala poyera nthawi imodzi pokhapokha liwiro likapanda kupitirira 1/200 kapena 1/250 ya sekondi. Mukapitirira pamenepo, katani yachiwiri imayamba kutseka yoyamba isanamalize kutsegula, ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumaoneka mzere wakuda. Zotumiza zotsika mtengo zimachedwetsa uthenga pang'ono, moti nthawi zina mzerewu umaoneka ngakhale pa 1/200, ndipo kutsitsa kufika pa 1/160 kumauchotsa. High-speed sync imazemba malirewa pochititsa fulashi kuphethira mofulumira kwambiri nthawi yonse imene makatani akuyenda, koma mphamvu yambiri imatayikira pamenepo, ndiye amene akufuna kugonjetsa dzuwa ayenera kuyandikitsa fulashi kapena kupeza yamphamvu.

Pa za TTL ndili ndi maganizo amene ena sangagwirizane nawo. Fulashi ikaima pamalo amodzi ndipo wojambulidwa sakusuntha, kuika mphamvu ndi dzanja, kaya 1/4 kaya 1/8 ya mphamvu yake yonse, kumapereka zithunzi zowala mofanana kuyambira choyamba mpaka chomaliza, pamene TTL imasintha kuwala munthu akangovala malaya oyera m'malo mwa akuda. Phindu lenileni la chotumiza chamakono ndi kugawa mafulashi m'magulu, A, B ndi C, n'kumakweza kapena kutsitsa mphamvu ya gulu lililonse muli pa kamera, osayenda kukatsitsa fulashi yomwe mwaipachika m'mwamba. TTL ili ndi malo ake pamene ana akuthamanga kapena anthu akuvina, ndipo pamenepo chotumiza chiyenera kukhala cha mtundu wa kamera yanu, popeza tizitsulo tina ta hot shoe timasiyana pakati pa Canon, Nikon, Sony ndi Fujifilm.

Amene ali ndi fulashi yakale ya nthawi ya filimu asamale asanailumikize. Ena mwa mafulashi oyambirira a Vivitar 283 amatulutsa mavoti opitirira 200 pa kachitsulo kapakati kaja. Wailesi imateteza kamera chifukwa fulashiyo siikhudzana nayo, koma cholandira chikhoza kupsa, choncho ndi bwino kuyeza mavotiwo ndi mita n'kuyerekezera ndi malire olembedwa m'buku la cholandiracho.