Msuweni wanga ndi foni yake

Dzulo ndinali ku Senga Bay ndi msuweni wanga, tikudya chambo chootcha, koma iye maso ali pa foni basi. Wokondedwa wake, mwamuna mnzake, sanayankhe uthenga kuyambira m'mawa. "Achemwali, wanditaya ameneyu." Maola anayi okha!

Akatswiri a zamaganizo amati uku ndi kukonda mwamantha. John Bowlby ndi Mary Ainsworth anaonetsa kuti momwe khanda limadalirira womulera zimaumba mtima wake, ndipo mu 1987 Cindy Hazan ndi Phillip Shaver anapeza kuti zimenezi zimatitsatira mpaka m'chikondi cha kuukulu. Ena amakhala odekha, ena amakakamira poopa kusiyidwa, ena amathawa munthu akawayandikira kwambiri.

Komatu mwanayu analeredwa pamiyendo pa agogo, sanasowe chikondi. Nanga manthawa achokera kuti? Katswiri wina, Ilan Meyer, analemba mu 2003 za katundu amene anthu osalidwa amasenza: kubisala, kuyembekezera kukanidwa tsiku lililonse, mpaka kuyamba kudzida wekha. Kuno ku Malawi lamulo limati amuna ogonana okhaokha atha kukhala mpaka zaka 14 m'ndende, ndipo khoti linalisiya momwemo mu 2024. Munthu wotsitsa mawu akaona wakabaza akutchera khutu, mukuti akhulupirire bwanji kuti wina sadzamutaya? Ine ndimaona ngati timathamangira kuloza chala ubwana wake, pomwe chikumuluma lero ndi ifeyo apamudzi.

Uthenga unafika cha m'ma 4 koloko. Netiweki inavuta ku Nkhotakota, basi. Anaseka, anawerenganso kawiri, kenako anaufufuta.