Matope a ku Rwenzori ndi nsima ya pa Bujuku

Anthu amene amaika zithunzi za mapiri a Rwenzori pa Facebook amaonetsa pamwamba pokha, poyera mbee ndi madzi oundana. Za matope sanena. Chonsecho ulendo wa m'nkhalango yotetezedwa imeneyi, kumadzulo kwa Uganda kumalire ndi Congo, ndi wa m'matope kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ukafika ku Kasese amakuuziratu kuti nsapato zako zodulazo ulongedze m'chikwama, ukagule jombo za mphira pamsika. Zanga ndinagula mashilingi 20,000, ndipo pa ndalama zonse zimene ndinawononga paulendowu, zokhazi ndi zimene sindidandaula nazo.

Njira ya Central Circuit imayambira pa Nyakalengija, m'minda ya nthochi ya anthu a mtundu wa Bakonzo. Ukangodutsa mindayo nkhalango imakumeza. Mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere, zilambe zili lendelende, mtsinje wa Mubuku ukukokoma kunsi osaoneka, masamba akudontha madzi ngakhale mvula italekeza. Wotilondolera anaima n'kuloza kanthambi, ine osaona kanthu, mpaka kanthambiko kanatembenuza diso: bilimankhwe wa nyanga zitatu. Za pa msasa wa Nyabitaba, za m'nsungwi ndi za pa msasa wa John Matte ndingolumpha, kunali kukwera, kuterereka ndi kunyowa basi.

Nkhani ili pa dambo la Bigo. Dambo limeneli lili pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa, imene ife timainyadira ndi mamita ake 3,002. Mbali ina anayalamo matabwa oyendapo, koma akatha matabwawo umadumpha kuchoka pa chitsinde cha udzu kupita pa chinzake. China chinapendekeka nditangochiponda. Mwendo wamanzere unalowa mpaka m'ntchafu, thope lake lozizira ngati lochokera m'firiji, ndipo pamene ndimadzikoka m'pamene limandigwiritsitsa.

Kumbuyo kwanga kunali bambo wina wonyamula katundu, wamkulu kwa ine ndithu, thumba lili kumsana, chingwe chake chitakoleka pamphumi monga amanyamulira a Bakonzo. Anatula thumbalo mosapupuluma. "Bambo, musalimbane nalo. Gonani chamimba, mundipatse dzanja." Mwendo unatuluka, jombo inatsala. Ine ndinali nditaitaya kale mumtima, koma iwo anapinda malaya, n'kupisa mkono m'dzenjemo mpaka paphewa, tsaya litagunda thope, kufufuza. Anaizula ikulira fwoo, anaikhuthula, anaitsukuluza m'kamtsinje n'kundiveka okha poti zala zanga zinali zitauma. Kenaka anasenza thumba lawo n'kundipitirira, osadikira ndi zikomo yemwe.

Usiku umenewo pa msasa wa Bujuku, pafupifupi mamita 4,000, ife alendo anatiphikira supageti. Sinkatsika. Mutu unkawawa, mtima uli nseru. Bambo aja anasuzumira pakhomo n'kundikodola. Kumoto kwawo anali atazungulira mphika wa obundu, nsima yawo ya ufa wa chinangwa, yonanda bwino, ndiwo zake nyemba. Wa ku Nkhata Bay akanangoti kondowole uyu. Ataona mmene ndimatemera mbamu n'kuiumba m'manja anaseka onse, wina n'kufunsa ngati kwathu kulinso chinangwa. Ndinadya mpaka thukuta, pamalo pamene madzi a m'botolo amagwira aisi usiku.

Pamoto pomwepo bamboyo analoza kumdima, kumene kuli phiri la Speke, nati ali mnyamata madzi oundana ankaonekera pompano, lero patsala miyala yakuda. Makolo awo ankakhulupirira kuti kunsongako kumakhala mzimu wotchedwa Kitasamba, ndipo sikunali kopitako mwachisawawa. Zimene ankanenazo zikugwirizana ndi zithunzi zimene Vittorio Sella, wojambula wa ku Italy, anajambula mu 1906, pamene gulu la Duke of Abruzzi, wa ku Italy komweko, linakwera koyamba nsonga ya Margherita, yaitali kuposa zonse kumeneko, imene ili pa phiri la Stanley. Nthawi imeneyo madzi oundana anali pamapiri asanu ndi limodzi a m'derali. Lero ochuluka mwa otsalawo ali pa phiri la Stanley, ndipo akusungunukabe chifukwa cha kutentha kwa dziko. Boma la Uganda linakhazikitsa paki ya Rwenzori mu 1991, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1994, koma malamulo amaletsa nkhwangwa ndi misampha, kutentha sakuletsa.

Aisiyo ndinakamuona titakwera kupitirira pa msasa wa Elena, pamwamba pa mamita 4,500. Kunena zoona si woyera ngati wa pazithunzi. Ndi wotuwa, wong'aluka, m'ming'alumo muli mobiriwira, ndipo kunsi kwake madzi amangoti tho tho n'kumalowa m'miyala. Nkhungu inatseguka mwina mphindi zochepa chabe n'kutsekanso. Ku Margherita, mamita 5,109, kumafuna zingwe ndi zitsulo zomangirira kunsapato, komanso ndalama yowonjezera, ndiye ine ndinabwerera pomwepo. Stanley ndi phiri lachitatu kutalika mu Africa muno, pambuyo pa Kilimanjaro ndi Mount Kenya, koma kwa masiku angapo mutha kuyenda osakumana ndi gulu lina.

Kuchepa kwa anthuko chifukwa china ndi mtengo. Ulendo wa sabata yathunthu umapitirira madola 1,000, ndege ndi basi ya ku Kasese zili padera. Ife a pasipoti ya Malawi sitifunika viza, koma khadi la katemera wa yellow fever musaiwale. Miyezi yabwinoko amati ndi June mpaka August, kapena December mpaka February, ngakhale mvula ya kumeneko siwerenga kalendala. Masokosi tengani ambiri, muwamange m'majumbo apulasitiki.

Chimene chimandinyansa n'chakuti pa madola onsewo, amene amafika m'thumba mwa wosenza katundu wako ndi ochepa, ndipo ena amakwera ndi majuzi obooka pamene ife tavala majekete awiriawiri. Sinthiranitu mashilingi ang'onoang'ono ku Kasese, chifukwa kuphiri kulibe kosinthira, ndipo ya thokozo muzipereka m'manja mwa aliyense payekha, osati m'envelopu imodzi yoti akagawane.