Kasikirini kolandira mauthenga a pa Telegram kunyumba

Ana anga alibe foni, ndipo ine ndimaweruka mochedwa. Ndiye ndinapanga kasikirini koti kazikhala pabalaza, ndikalemba pa Telegram kuti "tsukani mbale, ndifika cha m'ma 8", mawuwo aziwonekera pamenepo.

Ndinagwiritsa ntchito bodi ya ESP32 (kakompyuta kakang'ono) ya kampani ya Espressif, yomwe imabwera ndi WiFi yake kale, ndi kasikirini ka OLED ka SSD1306, ka timadontho 128 ndi 64. Mawaya olumikiza sikirini ku bodi ndi anayi basi: 3.3V, GND, SDA pa GPIO21, SCL pa GPIO22. Mu Arduino IDE, pulogalamu ya pakompyuta yolembera code ya bodiyi, ndinaikamo malaibulale (code yolembedwa kale) a Adafruit SSD1306, Adafruit GFX ndi UniversalTelegramBot, adiresi ya sikirini nkulemba 0x3C. Chingwe cha USB chikhale chodutsa data, poti zina nzongotchajira, kompyuta siiona bodi nkomwe. Pulogalamu ikamakana kulowa, dinikizani batani la BOOT pamene yayamba kutumizidwa.

Ku Telegram nkosavuta. Ndinapanga bot, akaunti yomwe bodi imalandirirapo mauthenga, kudzera kwa BotFather, bot ya Telegram yopangira ma bot ena. Iye anandipatsa token, yomwe ili ngati kiyi wa bot yanga, ine nkuiika mu code pamodzi ndi dzina la WiFi ndi pasiwedi. ESP32 imeneyi imangogwira 2.4GHz, choncho hotspot ya pafoni ikakhala pa 5GHz mudikira mpaka kutopa. Ndinauzanso bodi kuti izilandira mauthenga a chat_id yanga yokha (nambala yondizindikiritsa pa Telegram), chifukwa aliyense wodziwa dzina la bot akhoza kulembera ana anga zimene wafuna.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa nkhani ya magetsi. Akathima, uthenga womwe unali pasikirini umapita nawo. Womwe sunalandiridwe Telegram imausunga kwa maola 24, koma wolandiridwa kale siiutumizanso. Laibulale ya Preferences ndi imene inandithandiza: uthenga ukangofika ndimaulemba mu flash (memori ya bodi yosafufutika magetsi akathima), bodi ikayakanso imayamba yauwerenga ndi kuuonetsa isanafunefune WiFi. Za power bank musadalire kwambiri, ena amadzizimitsa okha poona kuti kachipangizoka kakukoka moto wochepa.

Pa zilembo zing'onozing'ono mzere umalowa zilembo 21, mizere nkukhala 8. Zimawerengeka ukayandikira, koma munthu ali pakhomo sangaone kanthu, ndiye ndinazikulitsa kawiri ndipo ndimalemba mwachidule. Font ya Adafruit GFX sidziwa ŵ kapena emoji, imangotulutsa tizizindikiro tosamveka, choncho mu code ŵ aliyense ndimamusandutsa w asanafike pasikirini.